Mwana akamangoti mmimba mukuwawa koma kuchipatala osapeza kanthu

Makolo anzanga, pali mawu ena amene ndikufuna tisiye kuwauza ana athu, mawu oti "ukunama iwe, ukungofuna kujomba kusukulu." Ndikudziwa amatuluka okha mkamwa makamaka mmawa nthawi itatha kale, yunifolomu wavala, iweyo ukufunanso uthamangire kuntchito, nde mwana wagwira pamchombo wapindika akuti mmimba mukuwawa, dzulo zinalinso chomwechi, sabata yathanso chomwechi, koma pofika masana umamupeza akusewera bwinobwino ngati palibe chinachitika. Aliyense akhoza kukayikira. Koma ine ndakhala ndi mwana wa vuto limeneli mnyumba, ndayenda naye mzipatala, ndawerenga zomwe ndikanatha kuwerenga, ndipo chimene ndikufuna kunena lero nchakuti ululu umenewu ndi weniweni olo zotsatira zonse za kuchipatala zituluke zabwinobwino.

Wanga uja zinamuyamba ali ku pulayimale. Ankaloza pamchombo penipeni, pena nkumazunguliza kadzanja pamimba ponse, ukamufunsa kuti mukuwawa bwanji amangoti "mukungowawa basi amayi", pena nseru, pena chakudya osachifuna. Tinayezetsa magazi, mkodzo, chimbudzi, mpaka sikani, zonse bwinobwino. Apa mpamene kholo limasokonekera, chifukwa mbali ina umasangalala kuti palibe choopsa, mbali ina ukubwerera kunyumba ndi mwana yemwe akumvabe kuwawa ndipo ulibe dzina la matenda loti utchule anthu akakufunsa kuti adokotala ati chani. Ena amayamba kunena kuti mwanayo mukumulekerera, ena amati pitani chipatala china chachikulu awo sanaone bwino. Amene anatithandiza ndi dokotala wina wa ana yemwe anakhala nafe pansi osathamanga nkutifotokozera kuti vutoli ndi lodziwika kalekale ndipo ana ambirimbiri padziko lonse ali nalo.

Ndipo zoona si zatsopano ayi. Mu 1958 dokotala wa ana wa ku Bristol ku England, John Apley, pamodzi ndi mnzake Nora Naish, anafufuza ana asukulu 1,000 nkupeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa 10 alionse amadwala mmimba mobwerezabwereza, kosachepera katatu pa miyezi itatu, kuwawa kwake kofika pomulepheretsa kuchita zomwe amachita masiku onse. Mwa ana oterewa ndi ochepa okha amene amapezeka ndi nthenda yooneka poyeza. Mu 2015 akatswiri a ku Netherlands anasonkhanitsa zofufuza za mmayiko osiyanasiyana nkupeza kuti ndi ana pafupifupi 13.5 peresenti, atsikana ochulukirapo kuposa anyamata. Tangoganizani kalasi ya ana 40, ndiye kuti asanu mwa iwo ali ndi vutoli, ndipo mwina ena mwa asanuwo anauzidwapo kale ndi munthu wamkulu kuti akunamizira. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Madokotala amalitchula kuti functional abdominal pain, ndipo mu 2016 inatuluka ndondomeko yoti aziitsatira yotchedwa Rome IV. Mwachidule, mwana akamamva kuwawa mmimba kosachepera kanayi pamwezi kwa miyezi iwiri, ndipo atamuona bwino palibe nthenda ina yomwe ingafotokoze ululuwo, amalowa mgulu limeneli. Mkati mwake muli mitundu. Wina amamva kuwawa kumtunda pansi pa chifuwa, amakhuta msanga atangodya pang'ono, mimba kumangomveka yodzadza, imeneyo ndi functional dyspepsia. Wina ululu wake umayendera limodzi ndi chimbudzi, pena kudzimbidwa pena kutsegula pena zonse ziwiri kusinthanasinthana, imeneyo ndi irritable bowel syndrome, ija ambiri amangoti IBS, ndipo ndi imene imapezeka kwambiri. Palinso ina yomwe inandidabwitsa nditaimva, abdominal migraine, yomwe ndi pachibale ndi mutu waching'alang'ala koma imagwira mmimba, mwana amagwidwa ululu woopsa pamchombo kwa ola kapena maola angapo, kusanza, kufooka, kudana ndi kuwala, kenako zimatha nkukhala milungu kapena miyezi ali bwinobwino, ndipo kawirikawiri mukafufuza kubanja kumakhala kuli wina wodwala mutu waching'alang'ala. Otsalawo ndi aja amangomva kuwawa basi kosagwirizana ndi kudya kapena chimbudzi, ngati wanga uja.

Nde funso lomwe aliyense amafunsa nlakuti ngati mmimbamo mulibe bala, mulibe chotupa, chikuwawacho nchani? Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ukangomvetsa izi zina zonse zimayamba kumveka. Matumbo athu ali ndi mitsempha yawoyawo yambiri zedi, maselo a mitsempha opitirira 100 miliyoni, ndipo amatumizirana mauthenga ndi ubongo usana ndi usiku kudzera mu mtsempha waukulu wotchedwa vagus komanso mumsana. Ngakhale serotonin, kemikolo ya mthupi yomwe ambiri timaimva pa nkhani za kusangalala ndi kukhumudwa, pafupifupi 90 peresenti yake imapangidwa mmatumbo osati mmutu. Tsiku lililonse matumbo amafinya chakudya, amatambasuka, mpweya umadutsa, ndipo ambirife sitimva kanthu chifukwa ubongo umangozinyalanyaza. Kwa mwana wa vutoli mitsempha ija imakhala yatcheru mopyola muyezo, kutambasuka pang'ono komwe mnzake sangakumve iye kumamufika ngati ululu. Anayesapo zimenezi pofufuza, kufufumitsa kabaluni pang'onopang'ono mmatumbo, ndipo ana a IBS amayamba kumva kuwawa kabaluniko kasanafike pomwe anzawo amayambira kumva. Zili ngati alamu ya galimoto yomwe imalira mphepo ikangowomba, wakuba palibe koma phokosolo ndi lenileni ndipo aliyense akulimva. Nchifukwa chake masiku ano akatswiri amati awa ndi mavuto a kulumikizana kwa matumbo ndi ubongo. Sikani singaone zimenezi, magazi sangaonetse zimenezi, koma mwanayo akuzimva.

Chimayambitsa kuti mitsempha ifike pamenepa si chinthu chimodzi. Ana ena zimawayamba atadwala matenda otsegula mmimba, tizilombo tinatha kalekale koma matumbo anatsala ali tcheru kwa miyezi. Ena ndi zakumtundu, upeza mayi kapena bambo nawonso mmimba mwawo simuchedwa kuvuta. Kusagona mokwanira kumawonjezera. Ndipo inde, nkhawa imalowapo kwambiri, koma apa tisamale kanenedwe chifukwa anthu akangomva kuti nkhawa amathamangira kunena kuti "aaa ndiye kuti zili mmutu mwake basi." Ayi. Inuyo akuluakulu simunamvepo mmimba mukupotokola mukudikira intavyu kapena mutalandira foni ya uthenga woipa? Ena mpaka amathamangira kuchimbudzi. Munkanama? Thupi limachita zimenezo lokha. Mwana wa zaka 8 sangakuuzeni kuti amayi ndili ndi sitiresi chifukwa cha mayeso, kapena kuti mmene mumakanganirana ndi adadi usiku zimandiopsa, mawu amenewo alibe, chomwe akudziwa nchakuti mmimba mukuwawa ndipo akunena zoona. Nchifukwa chakenso Lolemba mmawa zimakula, pa wikendi ndi pa holide nkuchepa. Ambiri timatenga zimenezi ngati umboni woti akunama, pomwe ndi mmene vutoli limakhalira. Komanso si ana onse omwe ali ndi nkhawa, ena ndi osangalala bwinobwino koma matumbo awo ndi atcheru basi, ndiye tisakakamize mwana kuvomera vuto lomwe alibe.

Pali chinthu china chomwe makolo ambiri sitichiganizira nkomwe, kudzimbidwa. Mwana akakula nkuyamba kupita yekha kuchimbudzi timasiya kudziwa zomwe zikuchitika kumeneko, ukamufunsa ngati wapita amangoti eee kuti umusiye. Koma ana ambiri asukulu amasunga chimbudzi tsiku lonse, mwina toileti ya kusukulu ndi yauve, mwina chitseko sichitsekeka anzake amasuzumira, mwina aphunzitsi salola kutuluka nthawi ya kalasi, mwina kungochita manyazi basi. Akasunga chimauma, chikauma chimawawa potuluka, chikawawa amaopa nkusunganso, mapeto ake matumbo amadzadza ndipo mmimba mumangowawa. Chodabwitsa nchakuti mwana akhoza kumapita tsiku lililonse koma ali wodzimbidwabe chifukwa akungotulutsa pang'ono, ndipo ena amayamba kudetsa kabudula wamkati ndi zamadzimadzi zomwe zikudutsa mmbali mwa zoumazo, kholo nkumaganiza kuti watsegula mmimba kapena ndi uve, nkumukalipira, chonsecho iye sakumva nkomwe zikamatuluka. Pali tchati china chotchedwa Bristol stool chart chokhala ndi zithunzi za mitundu 7 ya chimbudzi, kuyambira timibulu touma mpaka zamadzi, chili pa intaneti, ndipo ana savutika kuloza chithunzi kusiyana nkufotokoza ndi pakamwa. Kudzimbidwa kumachizika, madzi okwanira, zipatso ndi masamba, kukhala pachimbudzi mphindi zisanu akatha kudya chifukwa nthawi imeneyo matumbo amakhala akuyenda kale, mapazi atapondera kenakake kuti mawondo akwere pang'ono, ndipo ngati pakufunika adokotala amapereka mankhwala ofewetsa omwe nthawi zambiri amafunika kumwa kwa miyezi osati masiku awiri okha.

Tsopano ndisanapitirire, ndisamveke ngati ndikuti kuwawa kwa mmimba kulikonse nkwabwinobwino. Ayi ndithu, ndipo si ntchito ya kholo kugamula lokha kunyumba kuti izi ndi zija za mitsempha, mwana ayambe waonedwa kaye ndi dokotala. Pali zizindikiro zomwe mukaziona musadikire. Mwana akuonda kapena wasiya kukula, anzake akutha msinkhu iye ayi, mchimbudzi muli magazi kapena nchakuda bii, akusanza pafupipafupi makamaka zobiriwira kapena zamagazi, akutsegula mmimba kosalekeza mpaka kudzuka nako usiku, ululu ukumudzutsa kutulo, thupi likutentha popanda chifukwa chodziwika, akuvutika kumeza, mfundo za mafupa zikutupa, akumva kuwawa pokodza, maso achita chikasu, kapena kubanja kuli odwala zilonda za mmimba, celiac (nthenda yomwe thupi limadana ndi tirigu) kapena matenda otupitsa matumbo ngati Crohn's. Apley yemwe uja anasiya lamulo losavuta kukumbukira, lakuti ululu ukamatalikira kuchoka pamchombo mpamenenso mpata woti pali nthenda ina umakula, ndiye mwana akamaloza malo amodzimodzi kumbali, makamaka kumanja, zimenezo nzofunika kuziona bwino. Ndipo ululu wobwera mwadzidzidzi, wokulirakulira, woyambira pamchombo nkutsikira kumanja mmunsi, mwana osafuna kuyenda kapena kudumpha, kutentha thupi, kusanza, ameneyo akhoza kukhala apendikisi, thamangani nthawi yomweyo olo akhale mwana yemwe amadandaula mmimba masiku onse. Kwa anyamata, ululu wadzidzidzi wa mmunsi ukhoza kuchokera ku machende atapotokola, mwana amachita manyazi kunena, ndipo zimenezo zimafuna opaleshoni mmaola ochepa. Kwa atsikana omwe akukula muganizirenso za msambo. Njoka za mmimba ndi tizilombo ngati giardia nazonso zimayezedwa mosavuta pa chimbudzi.

Koma zonsezi zikakhala kuti palibe, adokotala amuona mwana, amuyeza sikelo ndi msinkhu akukula bwino, zoyeza zoyambirira zili bwino, pamafunika kulimba mtima nkusiya kusakasaka. Ichi nchovuta kwa kholo, ndikudziwa, mtima umangoti mwina pali chomwe anaphonya. Koma kuyenda chipatala ichi mawa icho, kubayitsa mwana majakisoni otenga magazi mobwerezabwereza, ekisire, sikani ina, pamakhala mtengo wake womwe mwanayo ndi amene amalipira. Amayamba kukhulupirira kuti ali ndi nthenda yoopsa yomwe ngakhale madokotala akulephera kuipeza, mantha amakula, ndipo mantha ndi omwe amapangitsa mitsempha ija kukhala tcheru kwambiri. Komanso ukayeza zinthu zambirimbiri umapeza kenakake komwe sikakukhudzana ndi ululuwo. Chitsanzo ndi H. pylori, kachilombo ka mmimba komwe anthu ambiri padziko ali nako osadwala, mwana akhoza kupezeka nako, kumwa maantibayotiki amphamvu milungu iwiri, ululu nkukhalapobe chifukwa sikanali iko koyambitsa. Nchifukwa chake akatswiri a matenda a mmimba mwa ana salimbikitsa kuyeza kachilomboka mwa mwana yemwe zizindikiro zake ndi za functional pain basi.

Nanga kunyumba titani? Apa pali kafukufuku wina yemwe anandisinthira kaganizidwe. Mu 2006 Lynn Walker ndi anzake ku yunivesite ya Vanderbilt ku America anatenga ana nkuwamwetsa madzi mpaka mimba kudzadza kuti amve kusapeza bwino, kenako makolo ena anauzidwa kuti azimufunsa mwana za mmene akumvera ndi kumumvera chisoni, ena anauzidwa kuti azimucheza nkhani zina zomuchotsa maganizo pamimbapo. Kwa aja ankafunsidwafunsidwa madandaulo anachuluka pafupifupi kawiri, kwa aja ankachezedwa nkhani zina anatsika ndi theka. Ndiye taonani, chikondi chomwe chija chotipangitsa kufunsa mphindi iliyonse kuti "mukuwawabe mwanangu? pati? kwambiri?" chimabweza maganizo a mwana pamimba pomwe. Izi sizikutanthauza kumunyalanyaza, pali kusiyana kwakukulu. Ine ndimati akanena, ndimamuuza kuti ndakumva, ndikudziwa kuti mukuwawadi, adokotala anationetsa kuti si zoopsa, tiye tipume limodzi pang'ono, kenako ndimamufunsa za mnzake wa kusukulu kapena timayamba kuchita kanthu kena ndi manja. Kumukhulupirira kumabwera poyamba. Mwana yemwe sakukhulupiriridwa amakakamizika kulira mokweza kuti mwina amumve, pomwe yemwe akudziwa kuti amayi andimva safunikanso kutsimikizira aliyense.

Nkhani ya sukulu ndi yomwe imavuta kwambiri ndipo maganizo anga ndi akuti mwana azipita, olo mmimba mukuwawa pang'ono, bola palibe kutentha thupi, kusanza kapena kutsegula. Zimamveka ngati nkhanza koma taganizani, akakhala kunyumba lero mawa kubwerera kumakhala kovuta kuposa, notsi zamudutsa, homuweki yaunjikana, anzake amufunsa kuti unali kuti, nkhawa yakula, mmimba mwawonjeza, wajombanso, mpaka temu yatha. Ana ena amafika potaya chaka chathunthu chonchi. Cholinga choyamba si kuti ululu uthe kaye kenako ayambe kukhala moyo wake, kawirikawiri zimayenda mosemphana, akayambiranso sukulu, masewera, kucheza ndi anzake, ululu umayamba kuchepa pambuyo. Ngati wakhalitsa kunyumba akhoza kuyamba ndi theka la tsiku nkumawonjezera. Pitani mukakambirane ndi aphunzitsi ake, muwafotokozere kuti si ulesi, mupemphe kuti azimulola kupita kuchimbudzi osafunsidwa mafunso pamaso pa anzake, ndipo ululu ukamugwira akhale kaye penapake mphindi 10 kapena 15 nkubwerera mkalasi mmalo moti nthawi zonse aziimbira foni kholo kuti lidzamutenge. Ndipo tsiku lomwe watsaladi kunyumba lisakhale la TV ndi magemu a pafoni tsiku lonse, osati pomulanga ayi, koma kuti kunyumba kusakome kuposa kusukulu.

Komabe musanamukankhire kusukuluko fufuzani kuti kulibe chomwe akuthawa. Izi ndikunena ndi mtima wonse. Ana ena mmimba mumawawa chifukwa pali wina amamumenya pa buleki, amamulanda chakudya, amamuseka chifukwa cha thupi lake, kapena mphunzitsi wina amamuchititsa manyazi, kapena sakuona bwino pa bolodi ndipo palibe akudziwa. Ndipo pali ena, ochepa koma alipo, omwe akuchitidwa nkhanza zogwiriridwa ndi munthu wamkulu ndipo thupi ndi lomwe likuyankhula. Ukamufunsa mwana maso ndi maso kuti chikukuvuta nchani amangoti palibe. Amamasuka mukuyenda limodzi, mukutsuka mbale, kapena pogona magetsi atazima, ndipo funso loti "ndi nthawi iti kusukulu yomwe suyikonda?" limatsegula zambiri kuposa "kusukulu kuli bwanji?"

Za chithandizo, chomwe chaonetsa kuti chimagwira ntchito kwambiri si mapilisi ayi. Ndi njira zophunzitsa ubongo ndi matumbo kumvananso. Pali uphungu wotchedwa CBT womwe umathandiza mwana, ndi makolo omwe, kusintha mmene amaganizira ndi kuchitira ululu ukabwera. Palinso hypnotherapy yolunjika pamatumbo, dzinalo limaopsa anthu ena koma kwenikweni ndi kumukhazika mwana phee nkumutsogolera kuti aziona mmaganizo mwake mimba yake ikumasuka. Ku Netherlands dokotala Arine Vlieger anayesa njirayi pa ana mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2007, ndipo patatha chaka 85 peresenti ya ana omwe anailandira anali atachira poyerekeza ndi 25 peresenti ya omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Anali ana ochepa, ongopitirira 50, komabe kusiyanako nkwakukulu. Si aliyense angapeze katswiri wa zimenezi, nde chomwe aliyense angathe ndi kupuma kwa mmimba, mwana agone chagada, dzanja pamimba, akoke mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka dzanja likwere, autulutse pang'onopang'ono motalikirapo. Muziyeserera nthawi yomwe ali bwino kuti ululu ukabwera akhale atazolowera kale. Kansalu kofunda kapena botolo la madzi ofunda pamimba limathandizanso ambiri. Kugona nthawi yake, kusewera kothamangathamanga, kudya mmawa asanapite kusukulu, zooneka zazing'ono koma ife tinaona kusintha.

Pa zakudya ndingochenjeza kuti tisathamangire kumuletsa mwana chilichonse. Zoona ana ena mkaka umawavuta chifukwa cha shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, ena ndi shuga wa mu juwisi ndi zakumwa za gasi, ena ndi sorbitol yemwe amapezeka mu chingamu ndi maswiti olembedwa kuti alibe shuga, zonsezi zimadzadza mpweya mmatumbo. Ngati mukukayikira chinthu chimodzi chichotseni milungu iwiri muone, ngati palibe kusintha chibwezereni. Koma ndaonapo makolo atachotsa mkaka, tirigu, nyemba, zipatso, zonse nthawi imodzi chifukwa cha zomwe anawerenga pa Facebook, mwana nkuyamba kuopa chakudya, kuonda, pomwe ali pa msinkhu wofunika kukula. Ngakhale ndondomeko ya kadyedwe yotchedwa low FODMAP, yochepetsa zakudya zomwe zimadzadza mpweya mmatumbo, yomwe inachokera ku yunivesite ya Monash ku Australia, yomwe imathandiza akuluakulu ambiri a IBS, kwa mwana siyofunika kuiyamba panokha popanda katswiri wa zakudya, ndipo ndi ya milungu yochepa osati moyo wonse.

Mankhwala nawo tisamale. Paracetamol nthawi zambiri sachita zambiri pa ululu wa mtundu uwu, ibuprofen akamwedwa pafupipafupi amatha kupweteka mmimba momwemo, asipulini ndiye ayi kwa ana pokhapokha adokotala atanena. Maantibayotiki ongogula popanda kuyezetsa amasokoneza tizilombo tabwino ta mmatumbo, ndipo mankhwala a njoka kumangobwereza mwezi ndi mwezi sikuthandiza ngati njokazo palibe. Pali zina zomwe madokotala amayesa monga makapisozi a mafuta a peppermint kapena ma probiotic ena (tizilombo tabwino tothandiza mmatumbo), ana ena zimawathandiza ena ayi, ndiye zikhale zokambirana ndi adokotala osati zongomva kwa aneba.

Chinthu chimodzi chomwe chinatithandiza popita kuchipatala ndi kakope. Ndinkalemba ine, mwakachetechete osamufunsafunsa, tsiku lomwe wadandaula, nthawi yanji, anadya chani, chimbudzi chinali bwanji, anagona nthawi yanji, kusukulu kunali chani tsiku limenelo. Patapita milungu ingapo zinthu zinayamba kuoneka zokha zomwe mmutu sindikanazigwira, kuti masiku omwe wagona mochedwa ndi masiku a mayeso ndi omwe ankavuta, ndipo adokotala anali ndi poyambira mmalo mongomva kuti "amangodwaladwala." Ndi bwinonso kukhala ndi dokotala mmodzi yemwe akumudziwa mwanayo, kumapitako nthawi ndi nthawi olo zinthu zili bwino kuti azimuyeza sikelo ndi msinkhu, chifukwa mwana yemwe akukula bwino ndi chizindikiro cholimbitsa mtima kwambiri, ndipo china chikasintha amachiona msanga.

Ana ambiri zimachepa kapena kutheratu pakapita miyezi kapena zaka zochepa. Ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu, amapitirira nazo nthawi yaitali, ena mpaka kukula nazo ngati IBS kapena mutu waching'alang'ala, ndipo ofufuza anaona kuti zimayenda bwino kwambiri mmabanja omwe makolo anavomereza kuti vutoli ndi la kulumikizana kwa matumbo ndi ubongo kusiyana ndi omwe anapitiriza kusaka nthenda yobisika. Wanga pano zimabwera mwa apo ndi apo, makamaka temu ikamayamba, amadziwa yekha zochita, amapuma, amamwa madzi, amapita kusukulu. Koma tinagwirizana kuti tsiku lomwe ululu udzamveke mosiyana ndi wa masiku onse, kapena malo ena, kapena pakhale magazi, kutentha thupi kapena kuonda, andiuze nthawi yomweyo ndipo tibwerera kwa adokotala tsiku lomwelo.